Mphamvu ya gofu imayambira kuphazi

Tsiku loyamba limene ndinagwira ndodo ya gofu ndinachita manyazi. Mnzanga wina ananditengera ku bwalo la gofu Loweruka m'mawa, ndipo ine mumtima ndinkati zimenezi n'zamasewera chabe. Mpira uli phee pa udzu, suthawa, palibenso wokutchinga ngati pa mpira wamiyendo. Ndinakweza ndodo n'kuitsitsa ndi mphamvu zanga zonse. Dothi linauluka, koma mpira unangogubuduka mamita ochepa. Kachiwiri ndinauphonyeratu. Mnyamata amene ankatinyamulira ndodo analephera kupirira. Anati, "Bwana, mukumenya ndi manja. Yambani ndi chiuno, manjawo abwere pambuyo." Atatero anatenga ndodo ija, ndipo mosadzikakamiza n'komwe anaumenya mpira mpaka ndinasiya kuuona.

Mnyamatayo anali wochepa thupi kuposa ine. Ndiye mphamvuzo anazitenga kuti? Yankho lake lili mu fizikisi yomweyi imene mukuphunzira m'kalasi, anzanga.

Kumenya mpira wa gofu kuli ndi magawo awiri akuluakulu. Choyamba umakweza ndodo kupita kumbuyo mpaka pamwamba pa phewa. Kenako umaitsitsa kubwerera pa mpira, ndipo gawo limeneli osewera amalitcha downswing. Kwa akatswiri, kukweza ndodo kumatenga pafupifupi masekondi 0.75, pamene kuitsitsa kumatenga pafupifupi masekondi 0.25 basi. Taganizirani izi: munthu akaona chinthu, pamapita pafupifupi masekondi 0.2 kuti thupi liyankhe. Ndiye kuti ndodo ikangoyamba kutsika, nthawi yokonza cholakwika palibe. Zonse zimadalira mmene wayambira.

Cholinga cha kutsitsa ndodo ndi chakuti mutu wa ndodo ufike pa mpira ndi liwiro lalikulu. Akatswiri aamuna a pa PGA Tour ku United States amaufikitsa pafupifupi makilomita 180 pa ola, omwe ndi mamita 50 pa sekondi. Mpira wa gofu, umene malamulo salola kuti upose magalamu 45.93, umachoka ndi liwiro la pafupifupi mamita 75 pa sekondi. Ndodo ndi mpira zimakhudzana kwa masekondi 0.0005 okha. Tiyeni tiwerengetsere limodzi. Tichulukitse makilogalamu 0.046 ndi 75, kenako tigawe ndi 0.0005. Tipeza manyutoni 6,900. Kumeneku kuli ngati kusanjikiza matumba 14 a chimanga a makilogalamu 50 pa kampira kakang'ono kaja. Mikono yokha singachite zimenezi, ngakhale utadya nsima yochuluka bwanji.

Chimene chimabweretsa liwiro lotere ndi ndondomeko ya kayendedwe ka thupi. Ofufuza akaika zipangizo zoyezera pa matupi a akatswiri amapeza dongosolo limodzi: chiuno chimayamba kutembenuka, chifuwa chimatsatira, kenako mikono, ndipo ndodo imabwera pomaliza. Chodabwitsa n'chakuti chiwalo chilichonse chikafika pa liwiro lake lalikulu chimayamba kuchepetsa liwiro, ndipo nthawi yomweyo chotsatira chake chimathamanga kwambiri. Chiwalo cholemera chikupatsira mphamvu chiwalo chopepukirapo, ndipo chopepukacho chimathamanga kuposa chinzake. Mutu wa ndodo yaitali ija umalemera pafupifupi magalamu 200 okha, choncho mphamvu yonse ikafika kumeneko liwiro limakhala loopsa.

Zimenezi mumazidziwa kale. Mukafuna kugenda mango ali pamwamba kwambiri, simuima njo n'kuponya ndi dzanja lokha ayi. Mumaponda kaye phazi lakutsogolo, chiuno chimatembenuka, phewa limatsatira, ndipo mwala umachoka m'dzanja pomaliza. Chikwapu cha woyendetsa ngolo chimagwiranso ntchito chimodzimodzi: dzanja limayenda pang'ono, koma nsonga yake imalira thwa!

Nanga chiunocho chimakankha chiyani kuti chitembenuke? Chimakankha nthaka kudzera m'miyendo. Lamulo lachitatu la Isaac Newton limatiuza kuti ukakankha chinthu, nacho chimakukankha ndi mphamvu yofanana. Wosewera wamanja amasunthira thupi lake kuphazi lamanzere n'kuponda mwamphamvu, ndipo nthaka imamubwezera mphamvuyo. Yesani kumenya mpira mutaima pamatope oterera, muona kuti zonse zikanika. Akatswiri ambiri amayamba kusunthira kuphazi lakutsogolo ndodo isanamalize n'komwe ulendo wake wopita kumbuyo. Ben Hogan, katswiri wa ku United States, anatsindika mfundo yoyamba ndi chiunoyi m'buku lake la Five Lessons la mu 1957, zipangizo zoyezera za masiku ano zisanabwere.

Mfundo yachiwiri ili pa mfundo ya dzanja, pamene dzanja limalumikizana ndi mkono. Mu 1968, Alastair Cochran ndi John Stobbs a ku Britain anasindikiza buku lotchedwa Search for the Perfect Swing, mmene anafotokoza kumenya kwa gofu ngati mapendulamu awiri olumikizana. Woyamba ndi mikono, umene umazungulira pakati pa mapewa. Wachiwiri ndi ndodo, umene umazungulira pa mfundo ya dzanja. Ndodo ikakhala pamwamba, imapanga ngodya ya pafupifupi madigiri 90 ndi mkono wakutsogolo. Katswiri amaisunga ngodyayi mpaka manja atatsika kufika cha m'chiuno, kenako n'kuilola kuti iwongoke yokha.

Chifukwa chake n'chiyani? Khalani pampando wozungulira mutagwira mabuku olemera m'manja monse. Mukatambasula mikono mumazungulira pang'onopang'ono, mukaipinda mumazungulira msanga. Chinthu cholemera chikakhala kutali ndi pakati pozungulira, chimavuta kuchizunguza, ndipo izi ndi zija m'kalasi timati moment of inertia. Ndodo yopindika imakhala pafupi ndi thupi, choncho mikono imatsika msanga. Ikadzawongoka pafupi ndi mpira, mphamvu ija imasamukira kumutu wa ndodo pa nthawi yake. Ine tsiku lija ndinkawongola ndodo ili pamwamba pomwe, ngati ndikuponya mbedza m'madzi. Liwiro langa lonse linkathera m'mwamba, ndipo pofika pa mpira ndodo inali itatopa kale. Eetu, ndinkalimbikira kwambiri koma pa nthawi yolakwika.

Musaderere kusiyana kwakung'ono kwa liwiro. Kinetic energy imadalira liwiro lochulukitsidwa ndi liwiro lomwelo. Mukawonjezera liwiro ndi 10 peresenti, mphamvuyo imakwera ndi 21 peresenti, popeza 1.1 kuchulukitsa ndi 1.1 ndi 1.21.

Cholakwika china chimene ndinali nacho chinali kufuna kuutapa mpira kuti ukwere, ngati ndikutapa mchenga ndi fosholo. Nkhope ya ndodo inapendekeka kale, ndipo kupendekekako ndiko kumakweza mpira. Ndi ndodo zachitsulo zomenyera mpira umene uli pa udzu, manja amakhala patsogolo pang'ono pa mpira, ndodo imakhudza mpira ikadatsikabe, ndipo udzu umadulidwa kutsogolo kwa pamene mpira unali. Mukaona dothi lakumbika kumbuyo kwa mpira, dziwani kuti thupi linatsalira kuphazi lakumbuyo kapena ndodo inawongoka msanga.

Mutha kuziyesa zimenezi popanda ndodo ya gofu, chifukwa tonse tikudziwa kuti ndi yodula. Pezani kansungwi kowonda kotalika pafupifupi mita imodzi, ndipo muime pabwalo pamene palibe munthu pafupi. Kagwireni ndi manja awiri, mukakweze kumbuyo, kenako mukatsitse n'kumvetsera pamene kakulira fyuu. Kakalira pamwamba pafupi ndi phewa, mwafulumira ndi manja. Kakalira pansi, kutsogolo kwa mapazi anu kapena kupitirira pang'ono, mwachita bwino. Kenako yesani motere: yambani mapazi ali pamodzi, kwezani kansungwiko, pondani phazi lakutsogolo, ndipo mukatsitse mutaponda kale. Amanzere asinthe mbali. Yesani kakhumi ndi manja olimba gwa, kakhuminso ndi manja omasuka, mulembe kuti ndi pati pamene kakulira kwambiri.

Nditabwerera ku bwalo kuja patapita milungu ingapo, mnyamata uja anandionerera ndikumenya. Mpira sunapite kutali ngati wake, koma unauluka mowongoka. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Apa ndiye mwayamba, bwana. Koma phazi lija muzilipondabe msanga."