Kodi wanjinga si munthu pamsewu wa Zalewa?

Aliyense amene adadzukapo tambala woyamba n'kuima pa Kameza amaudziwa mzere uja wa njinga wolowera m'tauni. Wina wamanga matumba atatu a makala, wina madengu a tomato, wina nkhuni, wina nkhuku zili mitu pansi pahandulo. Ena atsika n'kumakankha chifukwa chitunda chakula. Anthu amenewa ndiwo amaphikitsa nsima ku Ndirande, ku Chirimba ndi ku Machinjiri, koma pamsewu amawerengedwa ngati mbuzi zosokera.

Ine ndili ndi benchi yanga ya tomato ndi anyezi mumsika wina wa mumzinda wa Blantyre. Kwa zaka zinayi katundu wanga ankabwera nawo bambo wina wa kumudzi kuseri kwa Lirangwe. Dzina lake ndisunga. Ulendo wake unali wa makilomita oposa 30, ndipo ankanyamuka anthu ali m'tulo kuti dzuwa likamatuluka akhale atafika. Sadandigwiritsepo fuwa lamoto.

Tsiku lina ndidadikira mpaka 9 koloko, munthu osaoneka. Ndidayamba kung'ung'udza kuti basi mkulu uja wapeza wogula wina. Masana ndi pomwe mnzake adandipeza n'kundiuza kuti ali gone m'chipatala.

Nkhani yake idali yotere. Pakati pa Matindi ndi Lunzu, thiraki ina inkadutsa minibasi yomwe idaima pamsewu penipeni kukweza anthu. Kutsogolo kunkabwera galimoto ina. Dalaivala wa thiraki adangoimba hutala, ndipo bambo uja, pofuna kupulumutsa moyo, adakhotera kumanzere. Kumanzereko phula lidadyeka kalekale, pali chiphompho chofika m'katumba. Tayala lakutsogolo lidalowa mmenemo, iye n'kugwa, madengu n'kumugwera, mwendo thyoo! Wathiraki sadaime n'komwe.

Nditapita kukamuona, ndidamufunsa kuti, "Achimwene, bwanji simudangoima?"

Adandiyang'ana n'kuseka chapansipansi. "Ndiimire pati abwana? Kumanja imfa, kumanzere dzenje. Msewu uja mbali yathu palibe."

Mawu amenewo sandichoka m'mutu. Lero mkuluyo akuyendera ndodo, njinga yake ili pakhonde itapindika foloko, ndipo mwana wake woyamba, yemwe adali Fomu 2, ali pakhomo kamba kosowa fizi. Ine ndidapeza wina wondibweretsera tomato pasanathe sabata. Banja lija silidapeze mwendo wina.

Tsono tiyeni tione bwinobwino msewu umenewu. M1 kuchoka pa Kameza kudzera Lunzu, Lirangwe ndi Mdeka mpaka pamlatho wa Shire pa Zalewa si kamsewu ka kumudzi ayi. Pa Zalewa m'pomwe umakumana ndi msewu wochokera kuchipata cha Mwanza, ndiye kuti mathiraki ndi matankala odzera ku Tete, kuchokera ku Beira, ku Zimbabwe ndi ku Joni, amadutsa pomwepa polowa mu Blantyre. Onjezanipo mabasi a ku Lilongwe, maminibasi olimbirana okwera ndi njinga zamoto. Onsewa akupanikizana m'mizere iwiri yokha, wina wopita wina wobwera. Wanjinga yakapalasa amapatsidwa zotsala, ndipo m'malo ambiri zotsalazo ndi m'mphepete modyekadyeka.

Amene sadapalasepo njinga yolemera sadziwa kuti thiraki siichita kukugunda kuti ikugwetse. Mphepo yake yokha imakukankha kenako n'kukukoka, ndipo ngati kaliyala yasenza thumba la makilogalamu 50 kapena awiri, handulo siikumveranso.

Kumbali ya Chileka nkhani ndi yomweyo, koma uku kuli china chowawa. Msewu wochoka pa Kameza kupita kubwalo la ndege ndi womwe akuluakulu athu amadutsa akamapita kunja kapena akamakalandira alendo. Sangatiuze kuti sadaone. Amawaona anthu ochokera kwa Kuntaja ndi kwa Kunthembwe akupalasa ndi katundu, amawaona ana asukulu atakwezana awiriawiri. Kungoti amawaonera pagalasi lakuda, sailini ikulira, apolisi akuwakankhira kutchire kuti bwana adutse.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati mu lipoti lake la 2023 anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pachaka pangozi zapamsewu, ndipo oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo pa imfa zotere tikayerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chonsecho ndi komwe galimoto zili zochepa. Kunena mwatchutchutchu, amene alibe galimoto ndiye akufa ndi galimoto.

Nanga ndalama zokonzera misewu zimachokera kuti? Chiyambire 2006 tili ndi Roads Authority yomanga ndi kusamala misewu ikuluikulu, komanso Roads Fund Administration yosunga thumba la ndalama zake, zomwe gawo lalikulu limachokera pamsonkho wa mafuta agalimoto. Ena amati, "Wanjinga sagula petulo, ndiye alirira chiyani?" Bodza limenelo. Mtengo wa mafuta uli mu sopo, mu mchere, mu tayala ndi tcheni zomwe iye amagula. Akafika pamsika amadula chiphaso. Akadwala mwana amakwera minibasi. Msonkho amapereka, kungoti risiti yake ilibe dzina.

Chomwe chikusowa si nzeru kapena mainjiniya. Chikusowa ndi wandale woti nkhaniyi aitenge ngati yake. Chiyambire matipate mu 1994 tavota kangati? Tidavota 1999, 2004, 2009, 2014, 2019, 2020 mpaka 2025. Nthawi ya kampeni anyamata a kabaza ndiwo amakhala patsogolo pa mdipiti, atavekedwa malaya achipani, mabelu ali ngrii ngrii. Msonkhano ukatha amapatsidwa kangachepe, bwana n'kukwera galimoto yake. Inu mudamvapo phungu kapena khansala ataima pamsonkhano pa Lirangwe n'kunena kuti ine sindigona mpaka anjinga atapatsidwa njira yawo? Ine sindidamvepo.

Anthu a pa Lirangwe malonjezo amawadziwa kuposa tonsefe. Msewu wa Lirangwe-Chingale-Machinga walankhulidwa ndi maboma angapo motsatizana, mpaka ana omwe adaumva ali m'mbereko adakula n'kukavota okha. Ngati phula lomwe limakolola mavoti limachedwa chomwecho, nanga kanjira ka wanjinga, komwe palibe riboni yodula kapena gulu la amayi ovina?

Wina anena kuti ambiri mwa anjingawa ndi amakala, owononga nkhalango, ndipo lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa mu 2020. Zoona. Mitengo yatha, ndipo ine sindikuikira kumbuyo mchitidwewo. Koma chilango cha makala chimaperekedwa kukhoti, osati pansi pa tayala la thiraki. Komanso mbaula zomwe makalawo akupita ndi zathu zomwe, ife a m'tauni. Ndipo pamsewu womwewo pali mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo, mayi wopita kusikelo pa kabaza ndi mwana wa sekondale.

Anjinga nawonso ali ndi zawo, tisabisane. Ambiri amayenda usiku opanda nyali kapena chonyezimira, atavala zakuda. Ena mabuleki ndi chidendene cha patapata. Ena amamanga katundu wotambalala kuposa chitseko. Izi n'zofunika kusintha, ndipo ife ogula katundu wawo tingathandize. Kansalu konyezimira sikadula kuposa phindu la dengu limodzi. Ine ndidaphunzira mochedwa, koma yemwe amandibweretsera tomato pano ndidamugulira. Komabe ngakhale utavala zonyezimira thupi lonse, ngati palibe pokhotera, palibe.

Anzathu kwina adayambapo. Mzinda wa Nairobi udakhazikitsa ndondomeko mu 2015 yoti 20 peresenti ya ndalama zomangira misewu izipita kunjira za oyenda pansi ndi apanjinga. Kaya akukwanitsa bwanji, koma zidalembedwa, ndipo nzika ili ndi pogwira pofunsa. Ku Netherlands, komwe lero timasirira njira zanjinga, sikudali chomwecho kale. Mu 1971 anthu oposa 3,000 adafa pamisewu, ana oposa 400 ali momwemo. Makolo adakwiya, adaguba m'misewu, boma n'kugonja. Njira zija sizidagwe kumwamba ngati mvula.

Ife sitikupempha za ku Ulaya. Tikupempha zinthu zinayi zomwe mwana wa Sitandade 8 angamvetse. Choyamba, m'mphepete mwa msewu kuchoka pa Kameza mpaka pa Zalewa, ndi kuchoka pa Kameza mpaka ku Chileka, muthiridwe phula lotambalala loti njinga ya katundu n'kuyendamo, ndipo likadyeka lizikonzedwa. Chachiwiri, pa Lunzu, pa Lirangwe ndi pa Mdeka pakhale malo enieni oimapo maminibasi kunja kwa msewu, ndipo ife ogulitsa tivomere kusendera, chifukwa nafenso timayala malonda pomwe wanjinga akadadutsa. Chachitatu, liwiro lichepe pamisika ndi pasukulu; msonkhano wa maiko wa ku Stockholm mu 2020 udagwirizana za makilomita 30 pa ola pomwe galimoto zimasakanikirana ndi anthu. Chachinayi, msewu uliwonse watsopano usavomerezedwe ngati pulani yake ilibe njira ya wapansi ndi wanjinga.

Inu ophunzira a m'makoleji, makamaka omwe mukuphunzira zomanga misewu, tengani kope mukaime pa Lirangwe tsiku lamsika, muwerenge njinga ndi galimoto zodutsa, mukaonetse aphungu ndi makhansala manambalawo. Inu anzanga a m'misika, nkhaniyi tiitengere kumakomiti athu. Pa 3 June chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira njinga padziko lonse, lomwe bungwe la United Nations lidakhazikitsa mu 2018. Bwanji chaka china tsiku limenelo anjinga onse a ku Chileka ndi ku Lirangwe adzapalase limodzi mpaka kumaofesi a khonsolo, kalata ili m'manja? Mbewa yamanyazi idafera kuuna.

Sabata yatha ndidapitanso kumudzi kuja kukamuona mkulu uja. Adandifunsa mtengo wa foloko yatsopano. Akuti mwendo ukangolimba abwerera pamsewu, poti ana sadya chisoni. Ndidasowa chomuyankha. Msewu womwe akufuna kubwererawo ukadali momwe adausiyira, chiphompho chija chili pompo, chikudikira wina.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.