Kusema kambiya ka mtengo kokhala ndi chivundikiro

Kuno ku Furancungo, tikatha kukolola chimanga ndi kugulitsa fodya, manja amapuma mpaka mvula ya Novembala. Nthawi imeneyi tingaphunzire ntchito ina: kusema timbiya tating'ono ta mtengo. M'timbiyati timasunga mchere, singano, ndi mbewu zazing'ono monga za tomato ndi mpiru.

Chida chake Apwitikizi amati torno. Sichifuna magetsi. Timakhoma mitengo iwiri yaifupi pa thabwa lolimba, uliwonse ndi msomali wakuthwa, misomaliyo moyang'anana. Pakati pake timapanikiza mtengo wosema, ndi kuukulunga chingwe kawiri. Anthu awiri amagwira ntchito. Wina amakoka chingwe, kudzanja ili kenaka kudzanja linalo, ndipo mtengo umazungulira. Wina amagwira chitsulo chosemera, atachitsamiritsa pa ndodo yopingasa. Amasema pokhapo mtengo ukamazungulira moloza kwa iye. Ukamabwerera, amabweza chitsulo pang'ono. Wosula angatisulire zitsulo kuchokera ku sipuling'i yakale ya galimoto: china chosongoka, china chopindika ngati mbedza.

Mlombwa, umene m'tauni amati umbila, ndi wabwino chifukwa supindika msanga. Mbawa nayonso imasemeka bwino. Koma kudula mitengo iyi kuti tigulitse kumafuna chilolezo cha boma. Ife tiyambe ndi zidutswa zotsala kwa akalipentala, kapena nthambi ya mango.

Tisagwiritse nthambi yathunthu. Ming'alu imayambira pakati penipeni pa mtengo. Tiwaze chipika, titenge chibanthu cha pambali, kutalika masentimita 15, kunenepa masentimita 8. Tichisadzule ndi kasemasema, tichiike pa torno, tiseme mpaka chikhale choburungira. Kenaka tidule ndi sowo: masentimita 5 a chivundikiro, 10 a thupi. Zonse zichoke pa chidutswa chimodzi, kuti mizere ya mtengo idzakumane.

Pokumba m'kati, chitsulo chopindika chimazungulira msomali, ndipo pakati pamatsala kamzati. Kamzatiko ndiko kagwira mtengo. Timakathyola pomaliza ndi kupala pamene kanali.

Mtengo wauwisi umafota ukamauma, ndipo sufota mofanana mbali zonse. Kambiya kamene lero kali koburungira, mwezi wamawa kakhala ngati dzira. Chifukwa chake, ngati mtengo sunaumitse, tikumbe mosamaliza, khoma likhale lochindikala, kamzati tisathyole. Tiike pamthunzi masabata angapo, osati padzuwa kapena pafupi ndi moto. Kakauma, tibwezere pa torno.

Ntchito yeniyeni ili pa chivundikiro. Timayamba ndi icho. M'kati mwake tiseme mowongoka, kuya sentimita 1. Tikatero timasema mlomo wa thupi kuti ulowe m'menemo. Apa sipafuna liwiro, anzathu. Tipale pang'ono, tichotse pa torno, tiyese. Tipalenso, tiyesenso. Mtengo umene tachotsa sungabwerere. Ambiri amaononga kambiya kabwino pa mphindi yomaliza, poganiza kuti kupala kamodzi kokha sikungalakwe. Chivundikiro cholowa lobodo chimalowetsa chinyezi ndi tizirombo, ndipo mbewu zimafa tisanafese.

Chothina kwambiri nachonso n'choipa. Mtengo umatupa nthawi ya mvula. Chivundikiro chimene tachithinitsa mu Okotobala chidzakana kutseguka mu Januwale, ndipo mwini wake adzachitsegula ndi mpeni, mlomo n'kung'aluka. Tikamasema m'chilimwe, chilowe ndi zala ziwiri popanda kukankha.

Pomaliza timasalaza ndi sandipepa, mtengo uli kuzungulira, ndi kupaka phula la njuchi kunja. Mafuta ophikira ayi, chifukwa amayamba kununkha. Wosema apinde manja a malaya, ndipo asayandikize maso ku zipalapala.

Mbewu tiziike zitauma gwaa, ndi phulusa pang'ono. Pansi pa kambiya tilembe dzina la mbewu ndi chaka chake.