CIFUKWA CACE NASI AWERENGA MADONTHO

Anthu amene apita kukazonda abale ao ku cipatala aona botolo la diripi litapacikidwa pa mtengo wacitsulo, ndi kathambo kotsikira ku dzanja la wodwala. Ambiri ayesa kuti ndi madzi wamba. Iai, si madzi a pa mpopi. Madzi opanda kanthu atalowa m'mtsempha angatupitse tizigawo tofiira ta mwazi kufikira titaphulika. Cifukwa cace, m'botolo lodziwika koposa, lita imodzi iri ndi magalamu 9 a mcere, muyeso wogwirizana ndi mwazi. Mabotolo ena ali ndi shuga, ena aonjezedwa mcere wina wochedwa potaziyamu, umene mtima uufuna kuti ugunde bwino. Koma uwu ngwoopsa, pakuti ukalowa mofulumira uimitsa mtima womwewo.

Nzeru imeneyi inadza ndi nthenda ya kolera. M'caka ca 1832 Thomas Latta, dotolo wa ku Leith m'dziko la Scotland, anathira madzi amcere m'mitsempha ya odwala amene matupi ao anauma ndi kutsegula m'mimba, ndipo ena anatsitsimuka. Ndi mu 2024 momwe, pamene bwalo la National Heroes ku Lusaka linasandulika cipatala ca kolera, odwalitsitsa anathandizidwa m'njira yomweyo.

Nchito yaikuru ya nasi ndiyo kuwerenga. Dotolo akalamula lita imodzi pa maola 8, nasi aima ndi wochi, nacepetsa kapena kuonjeza kufikira madontho agwa 42 pa mphindi, ngati kathamboko nkoturutsa madontho 20 pa mililita. Alemba zonse zolowa, diripi ndi zakumwa, ndi zonse zoturuka, masanzi ndi mkodzo. Nchito yoyesa mkodzo anthu ainyoza, koma ndiyo iulula zambiri: munthu wamkuru akalephera kuturutsa mamililita 30 pa ola, impso zace ziri pa bvuto.

Tsono pali abale ena acifundo amene aona botolo likucedwa kutha, natsegula kotsekera kace nasi ataturuka, poyesa kuti wodwala acira msanga. Madzi ocuruka adzaza mapapo, makamaka a khanda ndi a nkhalamba ya mtima wofoka, ndipo munthu abanika ali gone pa kama. Mbale akaona dzanja latupa, madontho aleka, kapena wodwala apuma mobvutika, aitane nasi msanga, asakhudze kathambo.