Box 2 ndi ana a kuchigwa: kukwera Thabwa kufuna sekondale

Zotsatira za mayeso a sitandade 8 zikatuluka, aphunzitsi aakulu m'sukulu za pulayimale ku Chikwawa amayamba ndi kufufuza mayina a ana amene asankhidwa kupita kutali. Ambiri mwa osankhidwa amagwera ku ma CDSS apafupi ndi kwawo. Ena amapeza malo ku sekondale za boma monga Chikwawa ndi Ngabu. Koma owerengeka okha ndi amene amapita ku sukulu zotenga ana m'dziko lonse, ndipo mnyamata akasankhidwira ku Zomba Catholic Secondary School, imene aliyense amangoti Box 2, nthungululu zimamveka mpaka kuchigayo.

Chimwemwe chimenechi chili ndi maziko ake. Mpaka 1940, m'dziko la Nyasaland munalibe sukulu ya sekondale ngakhale imodzi. Wofuna kupitiriza maphunziro ankayenera kuwoloka malire, kupita ku Southern Rhodesia, ku South Africa kapena ku Uganda. Boma la atsamunda linakhazikitsa nthambi yoona za maphunziro mu 1926, koma ntchito yeniyeni yophunzitsa inali m'manja mwa amishoni. Mipingo ya Chipulotesitanti inagwirizana nkutsegula Blantyre Secondary School mu 1940, ndipo Akatolika anatsegula yawo ku Zomba mu 1942. Boma lenileni linadzatsegula sekondale yake ku Dedza mu 1951, patapita zaka zoposa khumi mipingo itayamba. Komabe sukulu zoyambazi zinali zisanakwane bwino: Henry Masauko Chipembere atachoka ku Blantyre Secondary School anakapitiriza ku Goromonzi, kenako ku Fort Hare.

Nthawi imeneyo ntchito ya Akatolika kumwera kuno inali m'manja mwa ansembe a chipani cha Montfort, amene anafika m'dziko muno mu 1901. Pambuyo pake sukulu ya ku Zombayi inaperekedwa kwa abulazala a chipani cha Marist, chimene Marcellin Champagnat anayambitsa ku France mu 1817 kuti chiziphunzitsa ana a kumidzi. Abulazala omwewa ndi amenenso anakuza sukulu ya Mtendere ku Dedza, kumene anaphunzira Lazarus Chakwera ndi malemu Saulos Chilima.

Kayendetsedwe ka Box 2 ndi kamene kamaisiyanitsa ndi sukulu zina. Si sukulu ya pulayiveti, komanso si ya boma yeniyeni. Malo ndi nyumba ndi za mpingo, ndipo mpingo ndi umene umayendetsa zinthu tsiku ndi tsiku. Boma limatumizako aphunzitsi nkumawalipira, limathandiza ndi ndalama zina, komanso limasankha gawo la ophunzira potengera zotsatira za mayeso a MANEB. Gawo lina eni sukulu amasankha okha kudzera m'mayeso awo olowera. Ku America dongosolo lofananako nalo linayamba ndi lamulo la ku Minnesota mu 1991, ndipo mpaka lero anthu akukanganabe ngati lili labwino. Kuno linakhazikika kalekale, ndipo chaka ndi chaka zotsatira za MSCE zikalengezedwa, mayina a Zomba Catholic, St Mary's, Likuni, Marymount ndi Mtendere sakhala kutali ndi pamwamba.

Ena amati palibe chodabwitsa, poti sukuluzi zimatenga ana anzeru kale. Mawuwo ali ndi choonadi, koma sathera pomwepo. Mwana wanzeru amathanso kufota akaikidwa pamene palibe mabuku, palibe labotale, ndipo mphunzitsi wa masamu amabwera akafuna. Pa sukulu ngati Box 2 pali mwini amene amagona pomwepo. Belu la sitade likalira madzulo pamakhala woyang'ana ngati anyamata alowadi m'kalasi. Zenera likasweka pamakhala wofunsa, ndipo mphunzitsi akajomba mawa lake amakayankha. Zinthu zazing'onozi, zikachitika zaka zoposa 80 osalekeza, ndi zimene zimasanduka mbiri.

Chigwa chathu cha Shire chili ndi gawo lake m'mbiri imeneyi. Gwanda Chakuamba, mwana wa ku Nsanje amene anthu ankamutcha Mbuya, anadutsa pa Zomba Catholic asanalowe ndale. Anakhala nduna yamphamvu m'boma la Kamuzu Banda, anamangidwa mu 1980, anatuluka mu 1993, ndipo anadzapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti mu 1999 ndi 2004. Anamwalira mu 2016. Mlakatuli Jack Mapanje wa ku Mangochi nayenso ndi wa Box 2. Buku lake la Of Chameleons and Gods linatuluka mu 1981, ndipo kuyambira 1987 mpaka 1991 anali m'ndende ya Mikuyu, m'boma lomwelo la Zomba mmene anaphunzirira ali mnyamata. Anthu awiriwa anali osiyana kwambiri, koma onse anali olimba mtima polankhula, ndipo onse analipira mtengo wowawa.

Lero mwana wa ku Chapananga akasankhidwa, vuto limayambira pakhomo. Fizi ya sukulu zotere imaposa ya sukulu za boma, ndiye mbuzi imapita ku msika, mwina thumba la mapira kapena ndalama ya thonje imene inasungidwira njala. Mayi amakazinga mtedza, kusinja chiponde, nkulongedza m'thiranki pamodzi ndi sopo ndi shuga. Amalume amakumbutsa za juzi ndi bulangeti lachiwiri, chifukwa mwana wokulira m'kutentha kwa kuno sadziwa kuzizira kwa mu Juni m'munsi mwa phiri la Zomba. Kabaza amamutula pa Dyeratu, minibasi imawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa, nkuyamba kukwera mokhotakhota. Akacheuka amaona chigwa chonse chili pansi, mtsinje ukunyezimira ndi minda ya nzimbe. Masabata oyamba ku hositelo anzake amamuseka akatulutsa mawu a Chisena kapena akalankhula Chimang'anja chakwawo, koma mayeso oyamba akabwera kusekako kumachepa.

Nanga otsalawo? Pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni. Malo ku sekondale sanakule mofanana, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 masenta a MCDE anasandutsidwa ma CDSS. Kumeneko ndi kumene ana ambiri a kuchigwa amaphunzira. Aphunzitsi ake ambiri amadzipereka, koma mwana amapalasa njinga mtunda wautali dzuwa likuswa mtengo, ndipo mtsikana wochokera kutali amachita lendi kachipinda pafupi ndi msika, kudziphikira yekha popanda womuyang'anira. Madzi osefukira a 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anasandutsa makalasi ambiri kukhala misasa ya anthu othawa madzi, mabuku nkunyowa, koma tsiku la mayeso a MANEB linali limodzi kwa mwana wa ku Nchalo ndi wa ku Zomba. Izi zimandipweteka, chifukwa nzeru sizinagawidwe potengera kutalika kwa malo.

Dongosolo la mgwirizano wa boma ndi mpingo si lachilendo kuchigwa. Chipatala cha Montfort ku Nchalo ndi cha Trinity ku Muona zili pansi pa CHAM: mpingo ndi mwini, boma limalipira ogwira ntchito zachipatala, ndipo anthu a zipembedzo zonse amathandizidwa. Dayosizi ya Chikwawa yakhalapo kuyambira 1965. Komanso sukulu zamtunduwu sizinathere m'nthawi ya atsamunda. Mu 2015 ansembe a chipani cha Jesuit anatsegula Loyola Jesuit Secondary School ku Kasungu, yogonera pomwepo, ya anyamata ndi atsikana, ndipo anasankha dala kuimanga kunja kwa mizinda ikuluikulu.

Sukulu yaikulu yotere kuchigwa ingafune malo okwera amene madzi a Shire ndi Mwanza safikako, madzi abwino akumwa poti mijigo yambiri ya kuno imatulutsa amchere, nyumba zoti aphunzitsi asamapemphe kusamutsidwa chaka choyamba, ndi thumba lolipirira ana amene makolo awo alibe mbuzi yogulitsa. Mafumu ali ndi malo, kampani ya shuga ili pa Nchalo, ndipo ana a kuchigwa amene anadutsa pa Box 2 ali m'maofesi ku Blantyre ndi ku Lilongwe.