Musanatumize nkhani pa gulu, funsani: wailemba ndani?



Amene munali ku Dubai pa 16 April 2024 simunaiwale tsikuli. Mvula inagwa modetsa nkhawa, msewu wa Sheikh Zayed unasanduka mtsinje, magalimoto anatsala m'madzi ndipo ndege zambiri zinalephera kunyamuka pa bwalo la Dubai International. Bungwe lofalitsa nkhani za boma la WAM linati mvula yochuluka chonchi sinagwepo chiyambire kusunga kaundula wa zanyengo m'dziko lino mu 1949. M'dera lina la ku Al Ain inagwa mamilimita 254 pasanathe maola 24.

Madzi asanaphwe, nkhani ina inali itadzaza kale m'mafoni mwathu. Inkati mvulayo inachita kupangidwa ndi ndege zimene zimawaza mchere m'mitambo. Nkhaniyi inkamveka yoona chifukwa dziko la UAE limachitadi zimenezi pofuna kuonjezera mvula, ndipo masamba ena akuluakulu a nkhani anaitchula. Koma nthambi yoona zanyengo ya National Center of Meteorology inanena kuti sinawaze kalikonse pa nthawi ya chimvulacho, ndipo akatswiri a zanyengo a m'mayiko ena anafotokoza kuti kuwaza mchere sikungabweretse madzi ochuluka motero. Ananenanso kuti mvulayo inali italoseredwa kutatsala masiku angapo, ndipo inagwanso ku Oman kumene inapha anthu, kuphatikizapo ana a sukulu.

Tsono taganizani za munthu amene akufuna kulemba za tsikuli mu insaikulopediya, buku limene mwana wanu adzatsegula pofufuza za homuweki zaka khumi zikubwerazi. Patsogolo pake pali masamba a pa intaneti mazanamazana, ndipo sakunena zofanana. Akhulupirire liti? Anthu amene amalemba Wikipedia akhala akulimbana ndi funso limeneli kwa zaka zoposa 20, ndipo njira imene anapeza ikhoza kutithandiza ife amene moyo wathu wa kumudzi timautsatira pa foni.

Mmene a Wikipedia amayezera masamba a nkhani

Wikipedia inayamba mu January 2001. Amene amailemba ndi anthu wamba ongodzipereka, salipidwa, ndipo aliyense akhoza kulembamo. Pachifukwa ichi anaika lamulo lolimba lakuti wolemba asalembe za m'mutu mwake. Mfundo iliyonse imene wina angaikayikire iyenera kukhala ndi gwero lake, kutanthauza buku, nyuzipepala kapena lipoti limene wowerenga akhoza kukalitsegula yekha.

Vuto n'lakuti pa intaneti aliyense akhoza kutsegula tsamba lero, n'kulipatsa dzina lomveka ngati la nyuzipepala. Choncho olemba Wikipedia ya Chingerezi amasunga mndandanda wa magwero amene akhala akukangana nawo kawirikawiri, ndipo amawapatsa mitundu. Wobiriwira ukutanthauza kuti gwerolo nthawi zambiri ndi lodalirika. Wachikasu ukutanthauza kuti sanagwirizane chimodzi kapena pali zofunika kusamala. Wofiira ukutanthauza kuti nthawi zambiri silodalirika, ndipo pali ena amene anawaletsa pafupifupi kotheratu.

Mu February 2017 olembawa anagwirizana zoletsa nyuzipepala ya Daily Mail ya ku Britain, ngakhale tsamba lake ndi limodzi mwa masamba a nkhani owerengedwa kwambiri pa dziko lonse. Zifukwa zimene anapereka n'zakuti inkalephera kutsimikiza nkhani, inkakokomeza zinthu, ndipo nthawi zina inkapeka. Apa tikuona kuti kuchuluka kwa owerenga si umboni wa choonadi. Tsamba likhoza kukhala ndi anthu miliyoni olitsatira pa Facebook koma n'kukhala lopanda mkonzi ngakhale mmodzi.

Chitsanzo china ndi Forbes. Nkhani zolembedwa ndi atolankhani olembedwa ntchito ndi kampaniyi amazitenga ngati zodalirika, koma zolembedwa ndi anthu apadera amene amangopatsidwa malo pa tsamba lomwelo amazikana, chifukwa akonzi saziunika mokwanira. Dzina pamwamba pa tsamba ndi limodzi, koma njira imene nkhaniyo yadutsa ndi yosiyana.

Tsamba lodalirika likhozanso kugwa. Kumayambiriro kwa 2023 zinaululika kuti CNET, tsamba lodziwika pa nkhani za luso lamakono, inatulutsa nkhani zoposa 70 zolembedwa ndi makina a AI, ndipo zambiri mwa izo zinali ndi zolakwika. Olemba Wikipedia anatsitsa mlingo wa tsambali pa nkhani za nthawi imeneyo. Mbiri yabwino ya dzulo imafunika kuiyesanso lero.

Mafunso amene inunso mungafunse

Tikachotsa mawu ovuta a m'malamulo awo, zimene olembawa amayang'ana n'zimene ife ogwira ntchito yaulonda timachita pa geti. Mlendo akanena kuti amadziwana ndi abwana, sitimutsegulira chifukwa cha mawu okhawo. Timapempha Emirates ID, timaimbira foni munthu amene akumufunayo, kenaka timalemba dzina m'buku kuti pakachitika kanthu padzapezeke woyankha. Nkhaninso iyenera kuonetsa chiphaso isanalowe m'nyumba mwanu.

Choyamba, kodi pali munthu amene angayankhe pa nkhaniyi? Onani ngati pali dzina la mtolankhani, dzina la mkonzi, ofesi imene ili pamalo odziwika ndi nambala ya foni. Tsamba limene nkhani zake zonse zimangolembedwa kuti “mtolankhani wathu”, ndipo mwini wake sadziwika, palibe amene mungamugwire likanama.

Chachiwiri, kodi tsambali likalakwitsa limavomera? Nyuzipepala iliyonse imalakwitsa. Yodalirika imalemba poyera kuti tinalakwitsa pakuti, ndipo zoona zake ndi izi. Yosadalirika imangofufuta nkhaniyo mwakachetechete kapena kuisiya momwemo.

Chachitatu, kodi nkhaniyi yachokera kuti? Masamba khumi akhoza kulemba chinthu chimodzi koma onse atakopera pa tsamba limodzi, kapena pa uthenga umodzi wa pa WhatsApp. Pamenepo mboni ndi imodzi yokha. Mu March 2009 wopeka nyimbo za m'mafilimu wa ku France, Maurice Jarre, atamwalira, wophunzira wina wa ku Dublin anapeka mawu n'kuwaika pa Wikipedia ngati ananena ndi malemuwo. Manyuzipepala angapo, kuphatikizapo The Guardian, anawakopera m'nkhani za imfa yake. Bodzalo linadziwika pamene mwini wake analiulula, ndipo The Guardian inakonza poyera. N'chifukwa chake Wikipedia imakana kuti nkhani yake ina ikhale gwero la nkhani inzake. Inunso mukatsegula Wikipedia, tsikirani m'munsi mukaone magwero amene aikidwa, n'kutsegula limodzi kapena awiri.

Chachinayi, kodi ndani akupindula mukakhulupirira? Masamba ambiri amatulutsa nkhani zimene kampani yalipira, ndipo kamawu kosonyeza kuti n'zolipiridwa kamalembedwa kakang'ono pakona. Olemba Wikipedia satenga zotere ngati umboni wakuti kampaniyo ndi yabwino, chifukwa ndi kampaniyo ikudziyamikira yokha. Kumbukirani zimenezi mchimwene wanu akakutumizirani linki ya ejenti wolonjeza ntchito ku Gulf, n'kunena kuti ngakhale nyuzi yalemba.

Chachisanu, kodi gweroli ndi loyenera pa nkhani imeneyi? Tsamba la boma ndi malo abwino ofufuzira chimene boma lalamula. Mu 2024 dziko la UAE linapereka mwayi kwa anthu amene ziphaso zawo zinatha kuti akonze mapepala kapena abwerere kwawo popanda chindapusa, kuyambira pa 1 September, ndipo pambuyo pake tsiku lomaliza linasunthidwa kuchoka pa 31 October kufika pa 31 December. Pa nkhani ngati imeneyi, mawu omaliza ndi a nthambi ya ICP, kapena GDRFA kwa amene ali ku Dubai, ndipo manyuzipepala monga Gulf News, Khaleej Times ndi The National amatchula nthambi zimenezi akamalemba. Munthu wongodalira uthenga wotumiziridwa akanatha kulipira wina ndalama pachabe kapena kuphonya tsiku. Koma pa nkhani imene boma lililonse likutsutsana ndi anthu ena, mawu a boma ndi mbali imodzi, ndipo pafunika kumvanso magwero oima paokha.

Nanga za kwathu ku Malawi?

Kwathu kuli manyumba ofalitsa nkhani amene ali ndi akonzi ndi maofesi odziwika. The Daily Times mizu yake inayambira mu 1895. The Nation inayamba mu 1993, nthawi imene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Wailesi ya Zodiak inayamba mu 2005. Palinso MBC ndi Malawi News Agency zimene ndi za boma, komanso masamba a pa intaneti pokha monga Nyasa Times, Malawi24 ndi Maravi Post amene ambiri a ife akunja timawatsegula m'mawa uliwonse. Cholinga changa si kukuuzani kuti ili ndi labwino, ilo n'loipa. Mafunso asanu aja afunseni kwa onsewa mofanana, ndipo mudziwe mwini wa tsamba lililonse ndi mbali imene amapendekera. Munthu wolakwiridwa ndi nyuzipepala ya kwathu akhoza kukadandaula ku Media Council of Malawi kapena ku khoti. Wolakwiridwa ndi tsamba la pa Facebook lopanda mwini alibe kolowera.

Pa nkhani zimene anthu sanagwirizane, insaikulopediya yabwino imanena amene ananena chiyani. Ngozi ya ndege imene inapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu ku Chikangawa pa 10 June 2024 inabala mafunso ambiri m'mitima ya Amalawi. Wolemba wosamala amalemba zimene akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany anapeza, zimene komiti yofufuza imene boma linakhazikitsa inanena, ndi mafunso amene achibale ndi atsogoleri ena anafunsa poyera, chilichonse ndi dzina la mwini wake. Uthenga wa mawu wa munthu wosadziwika wonena kuti iye ali ndi chinsinsi chonse sumalowamo. Kukayikira n'kololedwa, koma wokayikirayo adziwike ndipo aonetse pamene waima.

Tikudziwa kumene nkhani za m'maluwa zinatifikitsapo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Anthu angapo osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena kwa kanthawi. Nkhaniyo inkayenda pakamwa ndi pakamwa, aliyense akunena kuti wamva kwa mnzake.

Palinso mbali ina yomvetsa chisoni. Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni, pamene ya Chichewa sinafike ngakhale 5,000. Mbiri ya mafumu athu, midzi yathu, oimba athu ndi sukulu zathu imasowa chifukwa zambiri sizinalembedwe m'magwero amene munthu angakawatsegule. Mtolankhani wa ku Mchinji kapena ku Nsanje akalemba nkhani mosamala, n'kuikapo mayina, masiku ndi umboni, akusungira dziko chinthu chimene adzukulu adzachipeza. Ife tikamawerenga ndi kugawana nkhani za atolankhani otere, timawathandiza kukhalabe pa ntchito. Tikamagawana za masamba opeka, ndalama za otsatsa malonda zimapita kwa opekawo.

Lamulo la dziko lino silisewera

Kwa inu amene muli ku UAE, nkhaniyi ikukhudzanso ufulu wanu ndi ntchito yanu. Lamulo la Federal Decree-Law No. 34 la 2021, lolimbana ndi mphekesera ndi milandu ya pa intaneti, linayamba kugwira ntchito pa 2 January 2022. Limati wofalitsa nkhani zabodza kapena mphekesera pa intaneti akhoza kumangidwa kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo ndi kulipira madirham osachepera 100,000. Pa nthawi ya mliri, ngozi kapena mavuto ena a dziko, chilango chimakwera kufika zaka ziwiri ndi madirham 200,000. Lamuloli limakhudza woyambitsa komanso wongotumiza kwa ena, ndipo mlendo akhoza kuthamangitsidwa m'dziko. Ambiri a ife ndalama imeneyi sitingaipeze ngakhale titasunga malipiro a zaka zingapo osadya, ndipo kumudzi kuli ana ndi makolo amene amadikira kumapeto kwa mwezi.

Magulu athu a pa WhatsApp a mpingo ndi a anthu ochokera dera limodzi timawakhulupirira chifukwa muli abale athu. Mayi wachikulire akaona uthenga wochokera kwa mkulu wa mpingo sakayikanso. Choncho udindo waukulu uli pa atsogoleri ndi oyang'anira magulu. Uthenga ukafika wopanda dzina la wolemba, wopanda tsiku, wokukakamizani kuti mutumize msanga kwa anthu onse, uimitseni kaye. Tsegulani linki muwerenge nkhani yonse, osangothera pa mutu. Onani tsiku, chifukwa nkhani zakale zimabwerera ngati zatsopano. Fufuzani ngati nyumba ina ya nkhani yodziwika yalembanso payokha. Mukapanda kupeza, musatumize, ndipo m'bale amene watumiza mumuuze mwachikondi kumbali kuti aufufute.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhani yoona sithawa mukaidikira ola limodzi. Ambuye akusungeni inu ndi mabanja anu kulikonse kumene muli.