Mafuta Akuda a m'Chiwaya: Apite m'Mimba Kapena Pamoto?

Aliyense amene anaimapo pamsika wa ku Vubwi dzuwa litapendeka, kapena m'mbali mwa msewu waukulu pa Katete ndi pa Sinda pomwe mabasi a ku Lusaka amaima, amalidziwa fungo la chiwaya. Anyamata ali kalikiliki kukazinga tchipisi ndi nyama yambuzi, amayi nawo akuwuula vitumbuwa m'mapoto. Koma tikasuzumira m'chiwayamo timaona kuti saladi amene anali mbee tsiku lomwe anatuluka m'chigubu, lero ali bii, ndipo akuchita thovu. Kodi mafuta amenewa amathera kuti?

Tonse tikudziwa kuti satayidwa. Akachepa, mwini malonda amangothira ena atsopano pamwamba pake, moto n'kumapitirira. Akada zoti sangathenso kukazingira, amapita kunyumba kukalowa m'ndiwo, kapena amagulitsidwa motsika mtengo kwa mnansi amene sangakwanitse botolo la m'sitolo. Sitikufuna kuloza chala abale athu a malonda ang'onoang'onowa, popeza mtengo wa saladi tonse umatiwawa, ndipo pa chiwaya chomwecho ndi pamene pamachokera ndalama za sukulu za ana. Komabe zoona tiyenera kuuzana.

Mafuta ophikira akatenthedwa mobwerezabwereza amawonongeka. Amakhuthala, amafuka utsi msanga, amanunkha, ndipo mumapangika zinthu zimene akatswiri a zaumoyo amachenjeza kuti zimavulaza mtima ndi mitsempha ya magazi. Kusefa kumachotsa nyenyeswa zokha; mafutawo sikuwabwezera mwakale. Ku Britain, kuyambira m'chaka cha 2004, lamulo linaletsa kusakaniza m'zakudya za ziweto mafuta otsala a m'nyumba zodyera. Tsono chimene anzathu akumana nkhumba zawo, ife tikuthira m'chigwada cha ana athu.

Mafuta oterewa ntchito ali nayo ndithu, koma ndi ya pamoto. Kwa ife Akatolika zimenezi si zachilendo: kwa zaka mazanamazana nyali ya pafupi ndi Tabernakulo inkayaka ndi mafuta a olivi. Pa chionetsero cha ku Paris m'chaka cha 1900, injini ya mtundu umene anapanga Rudolf Diesel inayendetsedwa ndi mafuta a nshawa, nshawa zomwezi timalima kuno kum'mawa. Ndipo mzinda wa Kyoto ku Japan unayamba mu 1997 kutolera mafuta otsala m'makomo mwa anthu, n'kuwakonza kuti aziyendetsa magalimoto otola zinyalala. Kukonza kotereku kumafuna mankhwala ndi makina zomwe pa Vubwi tilibe. Chimene chili pafupi ndi ife ndi kuwayatsa kuti atipatse moto.

Kilogalamu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi mphamvu ya moto yoposa ya makilogalamu awiri a nkhuni zouma, ndipo imaposanso kilogalamu ya malasha. Tikumbukirenso kuti pootcha malasha m'uvuni wadothi, kilogalamu imodzi yokha imadya makilogalamu a mitengo oposa 5. Amene akuona mapiri a m'malire mwathu ndi Malawi ndi Mozambique akumetedwa chaka ndi chaka, ndiponso amene anavutika m'chaka cha 2024 pamene chilala chinaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, malasha n'kukwera mtengo, amvetsa chifukwa chake nkhaniyi taiika m'magazini a banja. Wophika mabanzi amafuna moto wa uvuni. Wogulitsa nkhuku zosolasola amafuna madzi otentha. Mwini lesitilanti amawiritsa madzi a tiyi ndi otsukira mbale kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Nthawi zambiri anthu amenewa amakhala pamsika umodzi ndi wachiwaya uja, mwinanso mu mphakati umodzi.

Koma pali chovuta: saladi si palafini. Ndi wokhuthala kwambiri, kotero kuti sakwera bwino m'chingwe cha sitovu ya palafini, ndipo sagwira moto ndi machesi mpaka atatentha kupitirira madigiri 200. Amene angawathire mu sitovu wamba adzangoona mwaye ndi utsi woluma m'maso. Choncho ayenera kukonzedwa kaye. Mafutawo akadali ofunda asefedwe pa nsalu yoyera, kenaka asungidwe m'chigubu kwa masiku angapo osagwedeza. Madzi ndi zinyenyeswa zidzatsikira pansi, ndipo a pamwamba ndiwo otsanulira m'chigubu china. Kuchotsa madziku musakupeputse, chifukwa dontho la madzi m'mafuta otentha limathetheka ndi kumwaza moto.

Njira yosavuta kwambiri siifuna chitsulo chilichonse. Utuchi wa kwa kalipentala kapena makoko a nshawa, zimene timangozisiya mulu kuseri kwa nyumba, zimamwa mafutawa bwino. Mukasakaniza n'kukulunga timibulu m'mapepala akale, mumaponya kamodzikamodzi pamoto umene wayaka kale, ndipo nkhuni zimene zikanatha pa uvuni umodzi wa mabanzi zimachepa. Njira yachiwiri imafuna mmisiri wowotcherera zitsulo. Chitini cha mafuta chimaikidwa pamwamba, patali ndi moto, ndipo kapaipi kokhala ndi kampopi kamadonthetsa mafuta pang'onopang'ono pa mbale yachitsulo yomwe yayamba yatenthedwa ndi nkhuni pang'ono. Mafuta akagwera pa chitsulo chotenthacho amasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ndiyo imayaka. Chinsinsi chake ndi mpweya wokwanira ndiponso chumuni chabwino. Moto ukamatulutsa utsi wakuda, ndiye kuti mafuta akudontha mothamanga kapena mpweya wachepa.

Machenjezo atatu sitingawalumphe. Moto wa mafuta suzimitsidwa ndi madzi. Tsekani kampopi, vundikirani ndi chitsulo kapena thirani mchenga. Musayatse mafutawa m'chipinda chotseka, ngakhale m'nyengo yozizira ya June ndi July pamene oweta anapiye amafunafuna chofunditsira khola. Ndipo musasakanize ndi oilo wakutha wa galimoto kapena wa chigayo, pakuti muli zitsulo zapoizoni zimene utsi wake umazisiya pa chakudya ndi m'mapapo.

Sitikufuna kukunamizani kuti mafuta otsala adzapulumutsa nkhalango za chigawo chathu. Ndi ochepa. Ngakhale makampani akuluakulu anapunthwapo pa nkhaniyi: kampani ya ku Germany ya Bosch ndi Siemens inapanga sitovu yoyaka ndi mafuta a zomera yotchedwa Protos, inaiyesa ku Philippines ndi kwina, koma mu 2012 inaleka, mwa zina chifukwa kuisamala kunali kovuta ndiponso mafuta okwanira sankapezeka. Ndiponso pasapezeke wina woganiza zoyatsa mafuta atsopano a mpendadzuwa. Chigawo cha kum'mawa ndicho chimalima mpendadzuwa wambiri m'Zambia, ndipo kuyambira nthawi ya timakina ta Yenga m'zaka za m'ma 1990 mabanja ambiri aphunzira kudziyengera okha. Amenewo ndi chakudya, ndipo ana athu ambiri sachipeza chokwanira. Tikunena za akuda okhawo, amene anamaliza kale ntchito yawo.

M'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, Papa Fransisko anadandaula za chizolowezi chotaya zinthu zimene zikanagwiranso ntchito. Kwathu kuno vuto lili mbali inayo: umphawi watiphunzitsa kusataya kanthu, ngakhale chimene chikutidwalitsa. N'chifukwa chake kungouza wachiwaya kuti aleke kugwiritsa ntchito mafuta akuda sikungathandize, popeza kwa iye lita imeneyo ndi ndalama. Adzalola kuisiya pokhapokha wina ataigula, kapena atasinthana naye ndi mabanzi kapena sopo, pakuti mafuta omwewa, akasefedwa ndi kusakanizidwa ndi soda woyenera, amapanganso sopo wochapira.

Apa ndi pamene magulu athu a m'parishi angalowepo. Gulu la amayi kapena la achinyamata limene lili kale ndi uvuni likhoza kuika chigubu cha malita 20 pamsika, cholembedwa bwino kuti si mafuta odya, n'kugwirizana ndi okazinga za mtengo wa lita. Mwezi woyamba alembe m'kabuku malita amene atolera ndi mitolo ya nkhuni imene agula, ayerekeze ndi ya mwezi wapitawo. Mtengo wa litawo usapose wa nkhuni zimene zapulumuka, koma usatsikenso kuposa umene wachiwaya akanalandira pogulitsa mafutawo kwa mayi wa ndiwo.