Mmene Achipatala Amasiyanitsira Matenda a Kadyedwe

M'makomboni a Lusaka, kuyambira ku Kanyama ndi George kufikira ku Mtendere, namwali akayamba kuonda anansi sachedwa kuweruza, pakuti ena amanong'ona za kachilombo, ena za umphawi wa pakhomopo, enanso za ufiti. Koma alipo matenda amene munthu amakana nsima iri pamaso pake chifukwa cha mantha a mumtima, ndipo kholo liyenera kudziwa njira imene matendawa amazindikiridwira.

Khomo loyamba ndi kiliniki ya pafupi, monga ya Kalingalinga, kapena chipatala cha Matero, Chawama kaya Kanyama. Kumeneko wodwala amakwera pa sikelo, achipatala namuyesa msinkhu, nawerengera BMI, chiwerengero chofananiza kulemera ndi msinkhu, imene ikatsika pansi pa 18.5 mwa munthu wamkulu imasonyeza kuonda kopitirira. Tsono popeza kuona maso a nkhono n'kudekha, dokotala wanzeru sathamangira dzina la nthenda, koma amayamba wapima magazi ndi makhololo kuti aone ngati pali HIV, chifuwa chachikulu, shuga kapena vuto la chithokomiro, nafunsanso mwaulemu ngati pakhomo pamaphikidwa tsiku ndi tsiku. Pakuti wa njala ndi wa TB amalakalaka thupi lawo litabwerera, pamene wa anorexia nervosa, nthenda imene William Gull anaitcha dzina m'chaka cha 1873, amaopa kunenepa ndi kudziona wonenepa angakhale nthiti zikuwerengeka. Apa ndi pamene pagona kusiyana konse, ndipo sikelo payokha siingakuulule.

Bulimia nervosa, imene Gerald Russell anaifotokoza mu 1979, imabisala koposa, chifukwa thupi la mwini wake kawirikawiri silisintha. Iyeyu amadya chakudya chochuluka mosadziletsa, kenaka nadzisanzitsa, kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba, kapena kusala kudya. Ndipo buku la madokotala la DSM-5 limati, kuti nthendayi itsimikizike, izi zikhale zikuchitika kosachepera kamodzi pa sabata kwa miyezi 3. Mboni zake ndizo mano okukutika, masaya otupa, zipsera pa nkhonya, ndi kuchepa kwa potassium m'magazi, kumene kungasokoneze kugunda kwa mtima. Wodya mosadziletsa chomwecho, wamanyazi pambuyo pake koma wosadzisanzitsa, nthenda yake ndi ina, yotchedwa binge eating disorder.

Kuno kwathu chodziwika kwambiri ndi kudya dothi, makamaka mwa amayi oyembekezera. Chilakolako cha zosadyedwa chikapitirira mwezi ndi kuyamba kuvulaza thupi, achipatala amachitcha pica, ndipo amapima ngati magazi achepa, popeza ziwirizi zimayendera limodzi kawirikawiri. Chifukwa chake mayi asachite manyazi kuwauza anamwino a kusikelo.

Zonsezi zikaunikidwa, wodwala amapatsidwa kalata yopita nayo kwa akatswiri a maganizo ku chipatala cha UTH kapena ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama. Ndidziwa kuti dzina la Chainama limanjenjemeretsa makolo ambiri, ndipo mantha amenewa ndiwo amachedwetsa ana kulandira thandizo. Komatu lamulo la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la atsamunda, limateteza ulemu ndi ufulu wa wodwala aliyense. Mwana amene wakomoka kapena wafooka kwambiri apite naye msanga, osamukakamiza kudya zochuluka kunyumba, pakuti thupi lokhalitsa ndi njala liyenera kubwezeredwa chakudya pang'onopang'ono achipatala akuyang'anira magazi ake.